Mlonda wa Pansi pa Mwala Wanga

Chipale chofewa chikangoyamba kusungunuka, akazi a m'mudzi mwathu timatulutsa migolo imene tinaviikamo ndiwo zamchere za m'nyengo yozizira n'kuitsuka. Miyala yopsinjira ndiwozo timapita nayo kumtsinje. Mwala umene wakhala miyezi yonseyo pamwamba pa mizu ya daikoni ndi kabichi umanunkha, ndipo sopo sathandiza, umafuna madzi oyenda. Timausiya pamalo osaya masiku angapo, kenako n'kukautenga isanafike nthawi yothyola mphukira za ndiwo zakutchire zotchedwa warabi m'phiri, popeza warabi naye amafuna mchere ndi mwala tsiku lomwelo limene wathyoledwa.

Mwala wanga unali wa apongozi anga. Ndi wolemera ngati mwana woyamba kuyenda, pansi pake n'pophwatalala bwino. Anzanga amangogubuduzira yawo pamchenga n'kumapita. Ine wanga ndimaukhazika pa timiyala tiwiri kuti madzi azidutsa kunsi, chifukwa kunsiko ndiye kumene kumanunkha. Palibe nzeru ina iliyonse pamenepo.

Chaka chimenecho ndinakankha wilibala ndekha. Amuna anga, a Tokuzo, anali atagwa ndi sitiroko titangomaliza kukolola mpunga, ndipo mwendo wakumanzere unkachita kukokedwa. Kuchipatala anatiuza kuti mwendowo sunafe, ukhoza kudzuka ngati mwini wake atamauyendetsa. Mwini wakeyo sanafune. Ankangokhala pampando, bulangete pamaondo, n'kumayang'ana kanema kuyambira m'mawa. Popita kuchimbudzi ankandikoleka mkono m'khosi, ine msana wanga ukulira.

Mwana wathu Yoshie, yemwe amakhala mumzinda wa Sendai, anaziona zimenezi pa Chaka Chatsopano. Sanazungulire.

"Amayi, mudzagwa nonse awiri tsiku limodzi, ndipo adzakupezani ndi wapositi. Ndikadzabwera patchuthi cha Meyi n'kuwapeza bambo akadali chonchi, ndikuwatenga. Nyumba yosungirako okalamba ija ili pafupi ndi kwathu, ndizikawaona."

A Tokuzo anamva zonsezi. Anangokweza mawu a kanema.

Ndisanapitirire ndinene za kajika, popeza ana a masiku ano ena sanaionepo yamoyo. Si nsomba yokongola. Ndi kansomba kotalika ngati chala, ikakulitsa ndiye ngati chikhatho. Mutu ndi waukulu, kukamwa kotambalala, maso ali pamwamba, mamba ilibe. Siyandama ngati nsomba zina. Ikasiya kupalasa imamira, choncho moyo wake wonse imakhala chogona pansi, itatambasula zipsepse zam'mbali ngati munthu wotsamira zigongono patebulo. Mawanga ake ndi a miyala imene yagonapo, moti ukhoza kuiyang'ana n'kumati ndi nsangalabwi mpaka itathawa. Imadya tizilombo tokhala kunsi kwa miyala. Zofuna zake n'zochepa koma sinyengerera: madzi ozizira oti mano n'kuwawa, oyera, ndi miyala yokhala ndi mipata pansi.

A Tokuzo anali munthu wa kajika. Nyengo iliyonse yokolola ankabwera nazo zodzaza dengu, n'kuzisomeka pa timitengo kuzungulira moto. Zina ankaziwamba mpaka kuuma gwa, n'kumaponya imodzi m'kapu ya mowa wotentha wa sake alendo akabwera. Kenako phiri linagumuka kumtunda, zaka zingapo zapitazo, ndipo mvula iliyonse inkatsitsa dothi mpaka mipata yonse ya miyala inatsekeka. Ukaponda pansi pa mtsinje unkamva ngati waponda msewu. Madzi anayeranso patapita nthawi, koma kajika sizinabwerere. Bokosi lawo loonera pansi pa madzi, lija lagalasi kunsi, analikweza padenga la shedi n'kuliiwala.

Nditasiya mwala wanga mumtsinje kunatentha mwadzidzidzi, chipale cha m'mapiri chinasungunuka nthawi imodzi, madzi n'kukwera. Sikunali kotheka kulowamo. Masiku angapo aja anasanduka masabata. Madzi atatsika, ndinapita ndi mnansi wanga Shigeno, mkazi wamwano wokoma amene takhala tikukangana chiyambire tili atengwa atsopano.

Iye anatola wake n'kuuponya mu wilibala. Ine ndinalowa ndi jombo, ndinagwira wanga m'mphepete n'kuupendeketsa. Kunsi kwake kunali chinthu chachikasu chomatirira, chachikulu ngati theka la chikhatho, timipira tothithikana ngati mpunga wophika. Ndipo pamchenga, pomwe panali mthunzi wa mwalawo, panali iyeyo. Wakuda bii, mutu wokhawokha, zipsepse atatambasula. Sanathawe. Anangondiyang'ana, kukamwa yasa.

"Nanga waima bwanji ngati waona apongozi ako?" anatero Shigeno.

"Bwera uone."

Anasuzumira. "Ii! Kajika! Igwire, Tsuya, ukawaphikire msuzi akulu aja."

"Nsomba imodzi msuzi wake ungakwane ndani?"

"Ndiye iingitse, utenge mwala tizipita. Miyendo yanga yafa kale."

Ndinaponda madzi pafupi naye kuti athawe. Anasuntha pang'ono chabe, n'kubwerera pomwepo, pansi pa mazira. Dzanja langa linali litayamba kuuma ndi kuzizira, mwala ukulemera. Ndinautsitsa pang'onopang'ono pa timiyala take tija.

"Wapenga?" anatero Shigeno. "Warabi uzipsinja ndi chiyani, ndi matako?"

"Ako ndiwo angakwanire mgolo wonse."

Nditafika kunyumba ndinayamba ndaphika, popeza nthawi inali itatha. Poika mbale ndinati, "Mwala ndausiya kumtsinje."

"Mm."

"Wapeza mwini wina. Pansi pake pali kajika."

Sanatembenuke. "Iwe kajika umaidziwa ikakhala pambale basi. Waona kansomba kena kamchenga."

"Mamba ilibe, mutu ngati wanu, kukamwa kofika m'makutu."

"Mtundu?"

"Yakuda ngati khala."

Apa anatembenuka. "Yaimuna imeneyo. Imada nthawi ya mazira. Mazira analipo?"

"Kudenga kwa mwala. Achikasu."

"Ndiye iwe unatani?"

"Ndinaubweza."

"Mmene unalili? Khomo linaloza kumunsi?"

"Khomo lanji? Ndi mwala, bambo, si nyumba."

"Ndi nyumba imeneyo, nkhalamba iwe!" Anamenya dzanja la mpando. Chiyambire kudwala anali asanakalipepo chomwecho, ndipo ine ndinangopitiriza kupakula mpunga. "Yachita kukumba yokha ndi kukamwa, mchenga kumalavula panja. Ukatseka khomo mazira aola. Mawa m'mawa ukaone. Osanyamula mwala! Utenge bokosi langa lija mu shedi, usuzumire cham'mbali."

Ndinapita, popeza munda wanga wa mbatata uli njira yomweyo. Ndinagwada pagombe, bokosi pamadzi, ndipo ndinamuona: mutu uli pakhomo, zipsepse zikuyenda. Ndinayang'ana kanthawi, mwina kuposa mmene ndinafunira, kenako n'kupita kukalima.

"Ilipo?" anafunsa ndisanavule n'komwe jombo.

"Ilipo."

"Ikutani?"

"Yangokhala. Ngati inu."

"Sinangokhala!" Malovu anachita kuthovoka mbali yofooka ija ya mlomo. "Ikukupiza mazira, usana ndi usiku, kuti madzi atsopano azifika, dothi lisakhalepo. Yaikazi imangobwera, n'kugona chagada, kumata mazira kudenga, basi yapita. Ikhoza kubweranso ina kudzawonjezera. Yotsala ndi ntchito ndi yaimunayo. Nkhanu ikabwera, iyo. Misundu ikabwera, iyo. Mwezi wathunthu osachoka, osadya zolozeka. Iwe ukuti yangokhala?"

"Ine ndaona yangokhala."

"Mazira ayamba maso?"

"Maso a chiyani?"

"Timadontho takuda m'kati! Tiwiritiwiri!"

"Bambo, ine ndili ndi mbatata, ndili ndi mbande za mpunga, ndili ndi inu. Sindingagone pagombe n'kumawerenga maso a mazira. Anu maso ndi abwino kuposa anga. Sitiroko sinawakhudze."

Anatukwana chapansipansi. Tsiku lotsatira anandifunsanso, ndipo ndinayankha chimodzimodzi, chifukwa zoona zake sindinkadziwa choyang'ana. Tsiku linalo, ndikuchokera kumunda, ndinawapeza ali chiimire pakhomo, atagwira chitseko ndi dzanja limodzi, ndodo imene anatipatsa kuchipatala ili kudzanja linalo. Ndodoyo inali itakhala kuseri kwa kabati chibwerereni. Thukuta linali kamukamu pamphumi.

"Mukupita kuti?"

"Ndikuona nyengo."

"Ili bwanji?"

"Chokapo, ukunditchinga."

Kuchokera pakhomo pathu kukafika kumtsinje si patali kwa munthu wabwinobwino. Umadutsa mtengo wa kaki, shedi ya a Shigeno, kamlatho ka pangalande, kenako n'kutsika gombe pa masitepe amiyala. Kwa a Tokuzo unali ulendo wa ku Tokyo. Anayamba ndi mtengo wa kaki. Ankafika, n'kuukumbatira ngati m'bale wawo, kupuma, n'kubwerera. Sindinkawagwira. Ndikayesa ankandikankha ndi chigongono, ndiye ndinasiya, ndinali ndi zochita. Tsiku lina anagwa pafupi ndi shedi ya a Shigeno. Ndinamva Shigeno akukuwa kuchokera pazenera.

"A Tokuzo! Mukufuna chiyani pansi pamenepo, mwataya ndalama?"

"Ndikuona ngati shedi yanu yaola kunsi. Yaola."

"Ndibwere ndikudzutseni?"

"Mukandigwira ndikauza anthu kuti mumandifuna."

"Ha! Ndi mutu umenewo?"

Anadzuka okha, mochedwa, akukwawira kukhoma la shediyo. Bondo linasupuka. Ndinawamata pulasitala.

Warabi anatuluka. Ndinakwera phiri ndi belu loingitsira zimbalangondo m'chiuno, n'kubwera ndi dengu lodzaza. Mwala ndinalibe. Shigeno anandibwereka wake wachiwiri, wobulungira ngati dzungu, umene unkagubuduka pachivundikiro n'kupsinja mbali imodzi. Mgolo woyamba theka lake linafewa n'kuyamba fungo, ndinakataya kumunda. Ndinaima pakhomo ndi mgolo wopanda kanthuwo.

"Onani nsomba yanu zimene yachita."

"Si yanga. Unaipatsa nyumba ndiwe."

Madzulo a tsiku limenelo ndinapita kumtsinje ndili ndi mtima woti mwina ndikangotenga mwala wanga. Ndinasuzumira kaye ndi bokosi. Panali kankhanu kakuyenda cham'mbali kulunjika pakhomo. Iye sanadikire kuti kafike. Anatuluka ngati mwala wa legeni, n'kukagunda ndi mutu, kankhanuko n'kugubuduka ndi madzi, ndipo ndisanaphethire anali atabwerera m'malo mwake, zipsepse zikukupiza ngati palibe chachitika. Ndinaona kuti waonda. Kumbuyo kwa mutu thupi linali litangotsala ngati chingwe. Ndinabwerera ndi wilibala yopanda kanthu.

Kenako a Kumazawa anabwera kudzanena za tchinga. A Kumazawa ndi amene amayang'anira madzi a minda. Timawatcha mnyamata wa m'mudzi, chifukwa ngakhale imvi zili mbuu, ambiri tinawaona akuyamwa. Chaka chilichonse, nthawi yowokera mpunga ikayandikira, mudzi umaunjika miyala ndi mchenga kudutsa mtsinje kuti madzi akhotere mungalande. Kale inali ntchito ya manja. Masiku ano a Kumazawa amabwera ndi kachimakina kokumba, ife n'kumangotseka mipata. Tsiku lake limakhala m'tchuthi cha Meyi, pamene ana a m'tauni abwera ndipo manja achuluka. Tchingalo limamangidwa kumtunda pang'ono kwa malo otsukira, ndipo likatha, mbali yosaya ija, pomwe panali mwala wanga, imauma mpaka mbalame kumayendapo.

Ndinawauza a Kumazawa za nsomba ija pakhomo pomwepo. Anakanda m'mutu.

"Kajika? Zoona, achemwali? Ndiye yachokera kuti?"

"Sindinaifunse."

"Mwina ku timifuleni ta kumtunda. Ii, koma ndiye nkhani yabwino." Anaseka, kenako nkhope inagwa. "Koma mbande zakula, achemwali. Sabata ina zikhala zitapitirira. Sindingauze mudzi wonse kuti tidikire nsomba imodzi iswe. Bwanji mungousuntha mwalawo, muuike pakuya?"

"Ukausuntha yathawa," anayankha a Tokuzo ali m'kati. "Ikathawa, mawa lake mazira aphimbidwa ndi dothi."

"Akulu, mwadzuka bwanji? Pepanitu, koma madzi ndi madzi."

Masiku amenewo a Tokuzo anali atafika pa kamlatho ka pangalande. Masitepe a pagombe anali asanawayese. Ndi otsetsereka, osalingana, opanda pogwira.

Tsiku la tchinga linali lomwelo limene Yoshie anati afika. Khomo lililonse limatumiza munthu mmodzi, ndiye kwathu munthuyo ndinali ine. Ndinawaikira tiyi pafupi.

"Mukhale pompano. Mwana akupezeni muli oyera, mwameta. Mukamuonetse kuti mumafika pamtengo wa kaki, mwina amva chisoni."

"Pita, wachedwa."

Kumtsinje kunali anthu ndithu, achikulire ndi ana awo a m'tauni ovala jombo zobwereka. Chimakina chinayamba kutsidya, chikukokolola miyala n'kumaunjika. Ife tinkatsatira ndi mafosholo. Madzi a mbali yathu anayamba kuchepa ndikuona. Nsonga ya mwala wanga inatulukira, yakuda, kenako n'kuyamba kuuma. Ndinasiya kuyang'anako.

Anayamba kuwaona ndi Shigeno. "Tsuya, taona katundu wako uyo."

Anali pamwamba pa gombe. Chipewa chawo chakale chausodzi kumutu, ndodo kudzanja, bokosi lagalasi lija likulendewera pachifuwa ndi chingwe chimene anadula pa nsalu yanga yomangira mtolo. Anali asanamete. Amuna awiri anathamanga kuti akawanyamule.

"Osandigwira!"

"Mugwatu, agogo!"

"Ndikagwa mudzatole. Panopa chokani."

Anaponya ndodo pansi pa gombe, n'kukhala pa sitepe yoyamba. Anatsika chokhala, sitepe imodzi imodzi, akunyamula mwendo wofookawo ndi manja n'kuuika patsogolo ngati chikuni. A Kumazawa anazimitsa makina. Shigeno anati, "Buluku limenelo ndiye latha," koma ananena motsitsa.

Atafika pansi anatola ndodo, anaimirira, n'kulowa m'madzi ndi nsapato zapanyumba. Anagwada pafupi ndi mwala, madzi oundana aja akuwafika m'ntchafu, n'kuika bokosi pamadzi, nkhope m'kati. Anakhala chomwecho nthawi yaitali moti ndinayamba kuganiza kuti akomoka.

"Bambo?"

"Ali ndi maso," anatero nkhope ikadali m'bokosi. "Onse. Akugwedezeka m'kati. Atsala pang'ono." Kenako anadzutsa mutu. "Iwe Kuma, tabwera."

A Kumazawa anatsika pa makina n'kubwera. Anagwada, n'kusuzumira.

"Ii, koma yaonda. Zipsepse zachita kung'ambika. Ikundiyang'ana ngati ndabwera kudzaba."

"Nanga wabwera kudzatani?"

Anthu anaseka. A Kumazawa anapukuta manja pabuluku. "Akulu, munandiphunzitsa ndinu kuzibaya ndi foloko ya amayi anga, mpaka anandikwapula. Ine sindikudana nayo. Koma nditani?"

"Usatseke mpaka kugombe. Siya mpata mbali ino, wotalika ngati mkono, uikemo nthambi m'malo mwa mchenga. Tchinga lathu lamanja lija linkadontha paliponse, ndipo mpunga tinkadya. Chipale chikadalipo m'phiri, madzi ndi ambiri."

"Ambiri, koma osakwanira onse nthawi imodzi. Ngalande ikachepa, wina adikira. Ndipo wodikirayo abwera kudzanditukwana ine."

"Munda wathu ukhale womaliza."

Ndinaponya fosholo pansi. "Wathu? Mwafunsa ndani? Mbande zimenezo wafesa ndani?"

"Iwe."

"Ndiye?"

"Ndiye udikira."

Munda wathu ndi woyamba pangalande, ndipo chikhalire sitinadikirepo madzi. Onse anandiyang'ana. Ndinayang'ana mwala wanga, nsonga yake youma ija, ndi mwamuna wanga atagwada m'madzi milomo ili bii.

"Chabwino, tsekani pakhomo pa munda wathu mpaka ena akhute. Koma fulumirani, munthuyu aumira pomwepo."

Ana a m'tauni anathamangira kukadula nthambi za msondodzi, osangalala kuti apeza ntchito yopepuka. A Kumazawa anakankha miyala ina ndi fosholo, madzi n'kubwerera mbali yathu, akuyenda mwaphokoso pakati pa nthambi. Nsonga ya mwala inamiranso.

Ndi pamene ndinamva mawu kumwamba kwa gombe. "Amayi! Amayi, bambo kulibe kunyumba! Chitseko chili pululu, ndayang'ana ngakhale mu..." Yoshie anaima, nsapato zake za m'tauni zili m'manja. Anawaona bambo ake akutuluka m'madzi, buluku likuchucha.

"Mwawalowetsa m'madzi? Amayi, mutu wanu ukuyenda bwino? Munthu wodwala! Wawanyamula ndani kuwabweretsa kuno?"

"Anyamulidwa ndi matako awo," anatero Shigeno. "Tonse ndife mboni."

"Wabwera?" anatero a Tokuzo. "Gwira bokosi ili. Usaligwetse."

Kukwera kunali kovuta kuposa kutsika. Anakwera chokwawa, manja ndi bondo limodzi. Atafika pamwamba anaimirira ndi ndodo n'kuyamba ulendo wa kunyumba, phazi lamanzere likulemba mzere m'fumbi. Yoshie ankayenda kumbuyo kwawo, bokosi pachifuwa, dzanja limodzi lili m'malere kuti awawakhe. Sanawagwire. Pa kamlatho anapuma, pa shedi ya a Shigeno anapuma, mtengo wa kaki anangoudutsa. Ine ndinatsala kumaliza ntchito ya tchinga, popeza khomo lathu linali lisanachotsedwe pa ntchitoyo chifukwa cha nsomba.

Nditafika ndinapeza atasambitsidwa kale madzi otentha, akumwa msuzi wa miso, akumufotokozera mwana za misundu. Yoshie anakhala nafe masiku a tchuthi onse. M'mawa uliwonse ankapita nawo kumtsinje, iye akunyamula bokosi ndi kampando. Za nyumba ya okalamba sanazitchule mpaka tsiku lonyamuka, atalowa kale m'galimoto.

"Tidzaona chipale chikadzagwa, amayi. Koma muwagulire jombo."

"Jombo ali nazo. Ndi makani chabe."

Mazira anaswa patapita masiku ochepa. A Tokuzo anati anaona tiana, tating'ono ngati nsonga ya udzu, tili ndi kathumba kachikasu pamimba, titabisala m'mipata ya nsangalabwi kuseri kwa mwala. Ine ndinayang'ana osaona kanthu. Yaimuna ija inakhalapobe pang'ono, kenako m'mawa wina pakhomo panalibe mutu. Ndinafunsa ngati yafa.

"Kaya. Zina zimafa, zina zimakadya n'kunenepanso. Yapita basi, ntchito yatha."

Madzi anafika m'munda mwathu mochedwa, mbande zitatalika kale, ndipo mpunga wa chaka chimenecho sunali wonyadira. Mwala ndinakautenga mu Juni, warabi atakhwima kale. Kunsi kwake kunali koyera, kopanda ngakhale kafungo. A Tokuzo anayenda pambali pa wilibala njira yonse akundiuza kuti ndikukankha molakwika.

Chipale chinagwa, chinasungunuka, ndipo a Tokuzo anali akadali pakhomo pawo. Nyengo yotsuka migolo itakwana ndinapitanso kumtsinje ndi Shigeno. Ndinakhazika mwala wanga pa timiyala tiwiri monga mwa nthawi zonse, ndipo wina wopsinjira warabi ndinali nditaupeza kale, uli mu shedi. Potembenuka ndinaona Shigeno atawerama m'madzi, akulowetsa timiyala pansi pa wake wamkulu uja, akuyesa ndi chala ngati mpata wakwana.

"Ukutani?"

"Ukununkha kunsi," anatero osandiyang'ana. "Khomo amati liloze kuti, kumunsi?"